Sukulu ya kwanu ikafuna thandizo, khomo logogoda ku khonsolo ndi ili

Chaka china mphepo inasasula denga la buloko ya sitandade 2 pa sukulu ya kwathu kuno, ndiye ife a komiti tinakhala pansi nkulemba kalata yooneka bwino, yotayipa pa kompyuta ndithu, nkuitumiza ku Lilongwe poti mmitu mwathu boma linali ku Lilongwe basi. Teremu yonse inatha ana akukhala pansi pa mtengo wa mango, mvula ikangoyamba kuweruka pompo, mpaka tsiku lina pa msonkhano wa makolo mayi wina amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi anatifunsa kuti kodi a PEA, mlangizi wa maphunziro a pulayimale wa zoni yanu, munawauza? Nanga khansala wanu akudziwa? Tonse kungoyang'anana. Olakwa tinali ife, kalata tinaiponya kutali pamene khomo loyenera kugogoda linali mu Blantyre momwemuno. Kuyambira nthawi imeneyo ndakhala ndikuyenda mmaofesi amenewa, pa za pulayimale komanso za sukulu ya mkombaphala imene timathandiza ku tchalitchi kwathu, nde ndati ndilembe zomwe ndaphunzira kuti anzanga a mmakomiti musataye teremu ngati ife.

Timvane kaye chomwe chinasintha. Kale chilichonse chinkachokera ku likulu. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale ana anakhamukira kusukulu, kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika popitirira 3 miliyoni, ndipo zinaonekeratu kuti munthu wokhala mu ofesi ku likulu sangadziwe za chimbudzi chomwe chagwa ku Chirimba. Mu 1998 kunabwera ndondomeko ija ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma ang'ono, ndipo sukulu za pulayimale ndi imodzi mwa ntchito zomwe zinatsitsidwa kupita ku makhonsolo. Makhansala oyamba pa lamulo limeneli tinasankha mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala lopanda makhansala mpaka 2014. Kwa ine zaka 9 zimenezo ndi zomwe zinatisokoneza mitu, chifukwa tinazolowera kuti vuto lililonse ndi la a MP, maliro a MP, mjigo a MP, denga la sukulu a MP, moti mpaka lero alipo ambiri amene anavotera khansala mu Seputembala 2025 koma mutawafunsa dzina lake sangakuuzeni.

Choyamba dziwani khonsolo yanu, poti ku Blantyre kuno zilipo ziwiri ndipo anthu amasokoneza. Ngati muli ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa, Mbayani kaya Limbe, yanu ndi khonsolo ya mzinda, ija ya ku Civic Centre ku Chichiri kumene kuli a Meya. Ngati muli ku Lunzu, Lirangwe, Mdeka kapena kwa Kunthembwe uko, yanu ndi khonsolo ya boma, ya a DC. Ku maphunziro nakonso anagawa pawiri, Blantyre Urban ndi Blantyre Rural. Sekondale ndi nkhani ina, imeneyo ili pansi pa ofesi ya chigawo ya South West Education Division, nde za ku CDSS musapite nazo kwa a PEA mungotaya thiransipoti.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri timaphonya, mu khonsolo muli anthu amitundu iwiri. Pali olembedwa ntchito, monga akulu a maphunziro aja tinazolowera kuwatchula kuti a DEM, a zomangamanga, a zachuma, a mapulani. Ndiye pali osankhidwa, makhansala, amene amakhala mmakomiti a khonsolo kuphatikizapo komiti ya maphunziro, ndipo ndi amene amavomereza bajeti. Olembedwa ntchito amadziwa ngati pempho lanu likugwirizana ndi malamulo komanso kuti lingadye ndalama zingati, koma wolikankha pa tebulo kuti lilowe mu bajeti ndi khansala. Mukagwira mbali imodzi yokha nkhani imayenda ndi mwendo umodzi. Ife masiku ano kalata iliyonse timalemba makope atatu, ina kwa a PEA, ina kwa khansala, ina yathu yosunga.

Pa sukulu ya pulayimale makwerero ake ndi awa. Mumayamba ndi ahedi, kukhala nawo pansi a komiti yoyendetsa sukulu (SMC), a komiti ya makolo ndi aphunzitsi (PTA) ndi amayi a mother group, kugwirizana kuti vuto lalikulu ndi liti, nkulemba zomwe mwagwirizana mu buku la komiti ndi kusayinira. Kuchoka apo ndi kwa a PEA, amene amapezeka ku TDC, malo okumanirako aphunzitsi a zoni yanu. Musawadumphe a PEA abale anga, ngakhale mutakhala kuti muli ndi mlamu wanu ku ofesi yaikulu, chifukwa mukafika kumeneko funso loyamba likhala lomwelo loti a PEA akudziwa? ndipo akubwezani. A PEA ndi amene amayendera sukulu za mu zoni, ripoti lawo limamveka kusiyana ndi kudandaula kwa kholo mmodzi. Kuchepa kwa aphunzitsi, mphunzitsi amene sabwera kuntchito, mabuku osakwana, zonsezo njira yake ndi yomweyi, poti za aphunzitsi a pulayimale zambiri pano zimayendetsedwa kumakhonsolo.

Musanathamangire kokapempha, funsani kaye za ndalama zomwe zimabwera kale pa sukulu panu. Pali ndalama ija amati SIG, imene boma limatumiza ku sukulu za pulayimale kudzera ku khonsolo, ndipo imalowa mu akaunti ya sukulu ku banki. Si ya ahedi ayi. Imayenera kugwira ntchito motsatira pulani yotukula sukulu imene makolo, a komiti, aphunzitsi ndi ana omwe amayenera kupanga limodzi, ndipo a komiti amasayinira nawo potapa. Si yambiri, buloko singamange, komanso nthawi zina imafika mochedwa, koma choko, kukonza madesiki othyoka, zitseko za zimbudzi, ndowa zosambira mmanja, kuthandiza ana amasiye ndi makope, zimenezo imakwanitsa. Chomwe ndaona ine nchakuti mmasukulu ambiri pulani ija imalembedwa ndi anthu awiri mu ofesi, makolo nkungomva kuti ndalama inabwera ndipo inatha. Inu pemphani kuti tsiku lopanga pulani lilengezedwe kwa makolo onse, ndipo ndalama ikabwera ziwerengero zimatidwe pa bolodi panja, yabwera yochuluka chonchi, tagula izi, marisiti ndi awa. Funsani mwaulemu koma funsani, safunsa anadya phula. Ndipo mphunzitsi wamkulu wachilungamo amakondwa nazo zimenezi chifukwa zimamuchotsera manong'onong'o a mmakwalala.

Tsopano zikuluzikulu, buloko yatsopano, zimbudzi, nyumba ya mphunzitsi, mpanda, madzi. Izi sizibwera chifukwa mwalira mokweza, zimabwera chifukwa zalowa mu pulani ya chitukuko ya khonsolo. Kumudzi njira yake ndi VDC, komiti ya chitukuko ya mmudzi, kenako ADC, komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, kaya ndi kwa Kapeni, kwa Kuntaja, kwa Lundu kaya kwa Chigaru. Mtauni muno ndi komiti ya chitukuko ya wodi, imene imagwira ntchito ndi khansala, ndipo ma block leader amadziwa amene ali mmenemo komanso tsiku lomwe amakumana. Pitani ku msonkhano umenewo muli gulu, osati munthu mmodzi, ndipo onetsetsani kuti nkhani yanu yalembedwa mu maminitsi, chifukwa chomwe sichinalembedwe kumtunda kulibe. Misonkhano imeneyi imatopetsa, ndikudziwa, umakhala pa benchi mmawa wonse osadya geni itaima, koma kumeneko ndi kumene amasankha kuti chaka chino tiyambe mlatho kapena sukulu, ndipo a sukulu mukapanda kubwera a mlatho apambana basi.

Nthawi nayo ndi nkhani. Chaka cha boma cha zachuma pano chimayamba pa 1 Epulo nkutha pa 31 Malichi, sichilinso cha Julayi chija. Ndiye mukabwera ndi pempho mu Meyi ndiye kuti bajeti inadutsa kale, mudikira chaka china. Ine ndimauza anzanga kuti mvula yoyamba isanagwe, cha mu Okutobala, nkhani yanu ikhale itafika kale kwa khansala ndi ku ofesi ya maphunziro.

Matumba a ndalama alipo angapo ndipo ndi bwino kuwadziwa maina kuti pofunsa muzifunsa cholunjika. Pali CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu, imene inayamba mu 2006, ija anthu amaitcha ndalama ya a MP, koma ndi ndalama ya boma yodutsa ku khonsolo, si ya mthumba mwa munthu, ndipo mu 2025 khothi linagamula kuti aphungu sakuyenera kumayendetsa thumba limeneli kapena kuvota mmisonkhano ya khonsolo. Pakhalanso pali DDF, thumba la chitukuko cha maboma. Pali ya GESD yochokera ku World Bank imene imapita ku makhonsolo a maboma molingana ndi mmene akhonzera pa kayendetsedwe ka ntchito, imeneyi ndi ya anzathu a ku Lunzu ndi Mdeka, ife a mumzinda sitilimo. Khonsolo ya mzinda ilinso ndi zake zomwe imatolera, misonkho ya nyumba ndi malo, ziphaso za mmisika, malayisensi a bizinesi. Mayi wogulitsa tomato mu msika wa Limbe amene amadula chiphaso tsiku ndi tsiku ali ndi ufulu wonse wofunsa kuti nanga sukulu ya mwana wanga ikupindula chani.

Kalata yake ikhale yaifupi, tsamba limodzi. Musayambe ndi mbiri ya sukulu kuyambira nthawi ya atsamunda. Lembani dzina la sukulu, zoni, wodi, vuto limodzi lokha, ndi manambala enieni ochokera mu rejisitala ya ahedi, ana alipo angati, anyamata angati atsikana angati, makalasi angati, zimbudzi zogwira ntchito zingati. Kunena kuti atsikana mazana angapo akulimbirana zimbudzi ziwiri kumagwira mtima kuposa kulemba kuti zinthu zafika poipa kwambiri. Jambulani zithunzi pa foni, sindikizani ziwiri kapena zitatu mumatepo. Nenaninso chomwe inu eni dera mwakonzeka kuchita, kaya mchenga, kaya miyala, kaya kutunga madzi. Asayine wapampando wa SMC ndi ahedi, sitampa ya sukulu idindidwe, ndipo pokapereka pemphani kuti kope yanu aidinde tsiku lomwe alandira. Kasitampa kameneko kadzakuthandizani miyezi itatu ikadzatha wina akadzati kalata yanu sitinaione.

Ndibwere ku mkombaphala, kumene mtima wanga uli kwenikweni, poti kumeneku ndi kumene anthu amasochera kwambiri. Sukulu za mmera mpoyamba mwini wake wakhala unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu, nde pa boma khomo lake ndi ofesi ya Social Welfare, osati kwa a PEA. Zilipo zamitundu iwiri. Pali ma CBCC, a mmudzi kapena a mdera, oyendetsedwa ndi komiti ya makolo, alezi ake ambiri ndi ongodzipereka. Ndiye pali manazale olipiritsa aja adzaza mmalokeshoni, wina wangotsegula pa khonde kapena mu galaja ana makumi atatu mkachipinda kopanda windo, chimbudzi chimodzi ndi cha banja lomwelo. Sindikunyoza, ambiri mwa amayi amenewa akuthandiza makolo amene amalawirira ku geni ndi ku maganyu, koma mwana wa zaka zitatu sangadziteteze yekha, ndiye malamulo alipo pa chifukwa.

Ngati mukuyambitsa CBCC, yambani ndi anthu osati nyumba. Itanani makolo, mfumu kapena block leader, a mipingo, musankhe komiti, mupeze alezi oleza mtima amene dera likuwakhulupirira. Lembani ana onse a zaka 3 mpaka 5 mu rejisitala, dzina, tsiku lobadwa, kholo kapena womulera, ndipo ana olumala musawasiye kunyumba, alembeni nawonso. Kenako pitani ku Social Welfare mukalembetse kuti akudziweni. Ambiri amaona ngati kulembetsa nkudziitanira mavuto, koma zoona zake nzakuti mabungwe akabwera ndi maphunziro a alezi, zidole, mapoto kaya ufa wa phala, amafunsa ku ofesi imeneyo kuti malo ali kuti, ndipo amene sali pa mndandanda amadumphidwa ngakhale atakhala ndi ana ambiri bwanji. Mukafika funsaninso dzina la woteteza ana wa dera lanu, aja amati CPW, mutenge nambala yake, chifukwa tsiku lomwe mlezi adzaone zipsera zokayikitsa pa thupi la mwana adzafunika kudziwa woimbira, ndipo lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010 limapereka udindo woyang'anira ana kwa makhonsolo omwewa. Ngati yanu ndi nazale yolipiritsa, kuwonjezera apo mufunikanso layisensi ya bizinesi ku khonsolo ndipo a zaumoyo ayenera kuona malowo.

Maphunziro a alezi musawatenge mopepuka. Oyambirira amakhala a masabata awiri, ndipo bungwe la AECDM limene lakhala likuphunzitsa alezi kwa zaka zambiri lili mu Blantyre momwemuno. Kusiyana kwake kumaoneka ndi maso. Mlezi wosaphunzira amakhazika tiana pa mphasa mmawa wonse nkumatilakatulitsa ma ABC ngati sitandade 1, kamwana kakatopa kukakalipira. Wophunzira amadziwa kuti pa msinkhu umenewu mwana amaphunzira posewera, amagawa malo, apa pa zoumba ndi dongo, apa pa nthano, apa pa nyimbo ndi magule, apa powerenga ndi zitsekerero za mabotolo ndi timiyala, ndipo zidole zambiri amapanga yekha ndi zisononkho, makatoni ndi nsanza. Makolo ena amadandaula kuti tikulipira koma mwana akungosewera, sakulankhula Chingerezi. Afotokozereni modekha pa msonkhano, kuti mwana amene waphunzira kugwira kamtengo nkujambula pa mchenga, kudikira nthawi yake, kumvetsera nthano mpaka kumapeto, ameneyo akafika zaka 6 nkulowa sitandade 1 savutika.

Phala ndiye mtima wa mkombaphala, dzina lomwelo likunena. Likasowa ana amasiya kubwera sabata yomweyo. Kumudzi komiti imapempha malo kwa mfumu nkulima chimanga ndi soya, ndipo mlangizi wa zaulimi angathandize. Mtauni malo olima kulibe, nde ife timasonkha, kholo lililonse kambale ka ufa pa mwezi, amene alibe amabwera kudzaphika kapena kubweretsa nkhuni, palibe mwana amene timamubweza chifukwa kwawo sanasonkhe. Mary's Meals, imene inayamba ntchito yake mMalawi muno mu 2002, imaphikitsa phala mmasukulu ambiri a mu Blantyre, koma musatsegule malo mukuwerengera kuti bungwe libwera, yambani ndi chomwe muli nacho. Itananinso a HSA, alangizi a zaumoyo a dera lanu, azibwera kudzaona ana, za sikelo, katemera, mankhwala a njoka za mmimba, ndi kukupatsani kolorini wothira mmadzi akumwa. Tonse tikukumbuka Januwale 2023 pamene sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, ndiye chimbudzi chaching'ono choyenera ana ndi mpondagiya wokhala ndi sopo si zokongoletsera ayi.

Nkhani ya alezi imandipweteka. Mayi amasiya geni yake kuyambira 7 koloko mpaka 11, masiku asanu pa sabata, kulera ana a eni ake, mwezi nkutha osalandira kanthu, kenako tikudabwa akasiya nkupita kukagwira ntchito ya mnyumba ku Namiwawa, maphunziro onse aja nkupita nawo. Komiti iliyonse ikhale ndi kathumba ka sopo wa alezi ngakhale kachepe bwanji, ena amawalowetsa mu banki mkhonde kuti azipeza kangachepe. Ndipo nkhani imeneyi muziitengera kwa khansala chaka ndi chaka, chifukwa mmisonkhano ya chitukuko anthu amakonda zooneka, mlatho, msika, msewu, pamene tiana ta zaka zinayi tilibe wotilankhulira pokhapokha inu mutaimirira. CBCC ikhoza kulowa mu pulani ya wodi kapena ya ADC chimodzimodzi buloko ya pulayimale, ambiri sadziwa zimenezi nchifukwa chake sapempha nkomwe.

Kanthu kena kakang'ono, pitani kwa ahedi a pulayimale yoyandikana nanu teremu yachitatu isanathe, muwapatse maina a ana amene akumaliza ku mkombaphala, ndipo ngati nkotheka anawo akaone kalasi yawo tsiku limodzi. Kumbutsaninso makolo za chiphaso cha kubadwa cha ku NRB.

Pempho likavomerezedwa ntchito siinathe. Funsani kuti ndalama yake ndi zingati, kontilakita ndi ndani, ntchito itha liti, ndipo komiti yoyang'anira pulojekiti ikhale ndi anthu a pa sukulupo. Werengani matumba a simenti akamatsitsidwa, lembani mu kope, onani ngati malata ali a geji yomwe inalembedwa. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anatiphunzitsa zowawa, anthu a ku Chilobwe ndi madera ena a mmbali mwa phiri la Soche anathawira mmakalasi ndipo sukulu zinasanduka makampu kwa masabata, nde buloko yomangidwa mwachinyengo tsiku lina idzagwera anthu amene athawiramo. Mukaona zokayikitsa uzani khansala ndi a zomangamanga a khonsolo molemba, kontilakita asanalipidwe ndalama yomaliza. Akakubisirani ziwerengero, lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, mutha kulemba kalata yopempha bajeti kapena mgwirizano wa pulojekitiyo ndipo akuyenera kukuyankhani. Chipani musalowetsepo, kaya khansalayo munamuvotera kaya ayi ndi khansala wanu, ndipo tsiku lopita ku ofesi nsalu ya chipani isiyeni kunyumba.

Denga lathu lija linakhomedwa titadutsa njira yomweyi, a PEA anabwera kudzaona, khansala anaitengera nkhani ku komiti, ife makolo tinatuta mchenga wokonzera khoma lomwe linang'aluka. Pano tili pa nkhani ya alezi athu atatu amene sanapitepo ku maphunziro, maina awo tinalemba kale, kalata wasayina wapampando, Lachiwiri likubwerali tikukaisiya ku Social Welfare ndipo kope ina ikupita kwa khansala.